Mmene mungaonetsere masewero a zochitikadi a ku Canada kwa anzathu kuno ku Joni

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza kagulu ka Amalawi ku Rosettenville kukonza zoonera kanema Lamulungu masana, ndipo mwa zonse zimene taonetsa, zimene zamasula anthu pakamwa kuposa zina ndi masewero a pa wailesi ya kanema a ku Canada amene amatenga nkhani imene inachitikadi n'kuipereka kwa ochita zisudzo. Eni ake amawatcha docudrama. Poyamba zimamveka zachilendo kuti munthu wa ku Mangochi kapena wa ku Mzimba, amene wakhala akudula kapinga ku Sandton sabata yonse, akhale pansi maola awiri kuonera nkhani ya dziko lachisanu limene mwina sadzalipondako, koma kutalika kwa dzikolo ndi kumene kumatithandiza. Nkhani ya mwana wochitidwa nkhanza, ya mkazi womenyedwa kapena ya mlendo wopanda mapepala ikakhala ya kwathu, aliyense amazyolika poopa kuti angaloze chala wachibale wa mnzake amene wakhala naye pa benchi imodzi. Ikakhala ya ku Newfoundland, chigawo china cha Canada, anthu amayankhula momasuka, ndipo pofika kumapeto amapezeka kuti akunena za kwawo.

Musanaitane anthu, dziwani kaye mtundu wa chinthu chimene mukuonetsa. Wolemba sewero lotere amasonkhanitsa zolembedwa za kukhoti, malipoti a makomiti ofufuza, nyuzipepala ndi zimene anauzidwa ndi anthu amene analipo, kenaka amalemba yekha mawu amene akuganiza kuti anayankhulidwa m'chipinda mmene munalibe mtolankhani. Ku Canada ntchitoyi inakulira m'mabungwe awiri oyendera ndalama za boma: wailesi ya CBC, imene inayamba kuulutsa pa kanema mu 1952, ndi National Film Board, imene ambiri amangoti NFB, yokhazikitsidwa mu 1939. Kuchokera chapakati pa zaka za m'ma 1970 kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1980, CBC inkaonetsa mndandanda wotchedwa For the Record, umene anauyambitsa Ralph Thomas ndi Stephen Patrick, anthu amene anachokera ku mbali ya utolankhani, ndipo sewero lililonse linkagwira vuto limodzi la nthawiyo. Mwachitsanzo, Maria la mu 1977 limakamba za mtsikana wa m'banja lochokera ku Italy amene akuyesetsa kukhazikitsa bungwe la ogwira ntchito pa fakitale ya zovala ku Toronto.

Posankha sewero loyamba, musayambe ndi lowawa kwambiri. Ife tinaona kuti khomo labwino ndi Welcome to Canada, limene John N. Smith anakonzera NFB mu 1989. Linachokera pa zimene zinachitika mu Ogasiti 1986, pamene asodzi a ku Newfoundland anapeza Atamil oposa 150 ochokera ku Sri Lanka akuyandama pa nyanja m'mabwato opulumukira, atasiyidwa ndi sitima imene inawanyamula. Ambiri mwa osewera sanali akatswiri a zisudzo, ndipo nkhaniyo imayenda pang'onopang'ono pakati pa alendo osadziwa kumene afika ndi anthu a m'mudzi wa asodzi amene nawonso alibe zambiri. Munthu amene anadutsa pa Beitbridge ndi kachikwama kamodzi safunika kumufotokozera chimene chikuchitika.

Gulu likazolowerana mungabweretse Conspiracy of Silence la mu 1991, lonena za Helen Betty Osborne, mtsikana wa zaka 19 wa mtundu wa Cree, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku Canada, amene anaphedwa pafupi ndi tauni ya The Pas ku Manitoba mu Novembala 1971. Amuna anayi anakhudzidwa ndi imfayo, anthu ambiri m'tauniyo ankadziwa mayina awo, koma panadutsa zaka 16 kuti mmodzi yekha apezeke wolakwa mu 1987, ndipo boma la Manitoba linadzapepesa kwa banja lake m'chaka cha 2000. Pa nkhani ya nkhanza za m'banja pali Life with Billy, lonena za Jane Hurshman wa ku Nova Scotia amene anawombera mwamuna wake mu 1982 atazunzidwa naye kwa zaka zingapo. Pa nkhani ya kumangidwa popanda kulakwa pali Justice Denied la mu 1989, lonena za Donald Marshall Jr., mnyamata wa mtundu wa Mi'kmaq amene anakhala m'ndende zaka 11 pa mlandu wakupha umene sanapalamule. The Boys of St. Vincent la mu 1992, limene lili m'zigawo ziwiri ndipo limatenga pafupifupi maola atatu, mulisunge kufikira mutadziwa bwino anthu anu, chifukwa limaonetsa nkhanza zogwirira ana m'nyumba yosungiramo ana amasiye yoyendetsedwa ndi abulazala achikatolika. Ana asakhalepo, ndipo muuze anthu sabata imodzi isanakwane chimene adzaone, kuti wosafuna akhale kunyumba popanda kufunsidwa chifukwa.

Kupeza mafilimuwa kuno kumafuna kuleza mtima. CBC Gem imagwira ntchito m'dziko la Canada mokha, choncho musataye nthawi nayo. Tsamba la NFB pa intaneti lili ndi mafilimu ambiri aulere, koma ena amatsekedwa malinga ndi dziko limene muli, ndiye yesani filimu yonseyo pa laputopu imene mudzagwiritse ntchito musanalengeze tsiku. Werenganinso malamulo a pa tsambalo, popeza kuonera m'nyumba ndi anzanu owerengeka n'kosiyana ndi kuonetsa mu holo, ndipo ngati mukufuna kulipiritsa pakhomo muyenera kupempha chilolezo kwa eni filimu. Masewero akale a For the Record ndi ovuta kuwapeza, ndipo ine ndimawatchula pofotokozera anthu mbiri basi.

Gawo limene ambiri amalidumpha, limene kwa ine ndi mtima wa ntchito yonseyi, ndi kusiyanitsa zimene zinachitikadi ndi zimene wolemba anawonjezera. Anthu athu akamva mawu akuti "nkhani yoona" amalandira zonse ngati umboni wa kukhoti, ndipo mawa lake amakauza anzawo pa ntchito kuti mwakuti ananena chakuti, pamene mawuwo analembedwa ndi munthu amene sanamuonepo n'komwe. A ku Canada okha anapsa nazo zala kangapo. Mu 1977 For the Record inaonetsa The Tar Sands, sewero lonena za zokambirana pakati pa boma la chigawo cha Alberta ndi makampani a mafuta, ndipo linaika mawu opeka pakamwa pa Peter Lougheed, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya chigawocho. Lougheed anasumira CBC chifukwa choipitsa dzina lake, ndipo mu 1982 wailesiyo inapepesa n'kumulipira madola 50,000 komanso ndalama zimene anawononga pa mlanduwo. Mu 2006 CBC inaonetsa Prairie Giant, mbiri ya Tommy Douglas, amene amakumbukiridwa poyambitsa chithandizo cha chipatala cholipiridwa ndi boma ku Saskatchewan, koma pofuna kuti nkhaniyo ikhale ndi mdani wooneka bwino, olemba anaipitsa James Gardiner, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Saskatchewan, mpaka kumuonetsa akumwa mowa chikhalirecho munthuyo sankamwa. Banja lake litadandaula, CBC inasiya kuonetsa seweroli.

Chimene muyenera kuchita n'chosavuta ngakhale chimadya nthawi. Onerani filimuyo nokha kawiri, kachiwiri muli ndi kope m'manja, ndipo mulembe dzina lililonse, chaka chilichonse ndi malo alionse amene atchulidwa. Kenaka fufuzani kuti ndi ati amene ali m'malipoti a boma kapena m'zigamulo za khoti, ndi ati amene sapezeka kwina kulikonse kupatula mu filimumo. Mudzapeza kuti masewerowa sali ofanana. The Boys of St. Vincent linachokera pa zimene zinaululika za nyumba ya ana amasiye ya Mount Cashel mu mzinda wa St. John's, imene inafufuzidwa ndi komiti ya boma kuyambira mu 1989 n'kutsekedwa mu 1990, koma dzina la St. Vincent ndi lopeka, ndipo Brother Lavin amene anthu amatuluka akumutukwana ndi munthu wopangidwa ndi olemba. Conspiracy of Silence limagwiritsa ntchito mayina enieni. Where the Spirit Lives la mu 1989 ndi nkhani yopeka ya mtsikana mmodzi yoikidwa m'chaka cha 1937, ngakhale sukulu zimene likunena, zotsekeramo ana a eni nthaka olandidwa kwa makolo, zinalipodi, pamene We Were Children la mu 2012 limasinthanitsa zisudzo ndi umboni wa anthu awiri enieni, Lyna Hart ndi Glen Anaquod, akufotokoza okha zimene anaona ali ana. Zimenezi muzinene poyera filimu isanayambe, m'mphindi zisanu zokha, kuti aliyense adziwe kuti akumvera mboni kapena wolemba.

Ndinaphunzira kufunika kwa zimenezi tsiku limene bambo wina wachikulire, amene anabwera kuno nthawi ya Teba ndipo sanabwererenso, anaimirira titangomaliza chigawo choyamba cha The Boys of St. Vincent. Anavula chipewa, n'kunena kuti, "Mwanawe, watiitana kuti titukwane mpingo? Zimenezi azilemba anthu odana ndi Mulungu." Ndikanakhala kuti ndinalibe kope langa, tikanangokangana mpaka madzulo. Ndinayankha kuti, "Bambo, mwanena zoona pa mbali imodzi, chifukwa bulazala amene mwamuonayo ndi wopeka. Koma nyumba ya Mount Cashel inalipo, apolisi anamva madandaulo a ana mu 1975 ndipo nkhaniyo inakwiriridwa, kenaka abulazala angapo anadzaweruzidwa ndi khoti n'kupita kundende." Anakhala pansi osayankha, koma Lamulungu lotsatira anabwera kudzaona chigawo chachiwiri, ndipo ndi iwo amene anafunsa funso loyamba.

Seweroli lili ndi mbiri inanso imene imakometsa zokambirana. Mu Disembala 1992, litatsala pang'ono kuonetsedwa, khoti la ku Ontario linaliletsa chifukwa abulazala ena kumeneko anali pa milandu yofanana nayo, ndipo anaopa kuti anthu wamba osankhidwa kuweruza milanduyo angatengeke ndi zimene aona pa kanema. Madera ena a Canada analionera, pamene Ontario ndi Montreal anadikira chaka chathunthu. Nkhaniyo inafika ku khoti lalikulu la dzikolo, limene mu 1994, pa mlandu wotchedwa Dagenais, linagamula kuti chiletsocho chinapyola malire, ndi kuti ufulu wofalitsa nkhani suyenera kungogonja nthawi zonse pamaso pa ufulu woweruzidwa mwachilungamo. Apa muyenera kufotokoza kuti ku Canada milandu ikuluikulu imatha kuweruzidwa ndi gulu la anthu wamba 12, chifukwa kuno ku South Africa njira imeneyo inathetsedwa mu 1969 ndipo achinyamata ambiri amangoiona m'mafilimu.

Tsopano za kutanthauzira. Tonse tinakula ndi mavidiyo shoo a kwathu, kumene wotanthauzira amayankhula pamwamba pa filimu, amapatsa osewera mayina a kumudzi ndi kuwonjezera nthabwala zake. Luso limenelo ndi lokoma pa filimu ya nkhondo, koma pano lingawononge zonse, chifukwa mungawonjezere zopeka zanu pamwamba pa zopeka za wolemba, ndipo anthu angaseke pamalo pamene wina m'chipindamo akudziletsa kulira. Njira imene yatiyendera ndi kuimitsa filimu pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, pamene chochitika chimodzi chatha, n'kufotokoza mwachidule amene wanena chiyani kwa yani, popanda kunena maganizo anu. Tsegulaninso mawu olembedwa m'munsi ngati alipo, popeza Chingerezi cha asodzi a ku Newfoundland chimagonjetsa ngakhale amene anakhoza bwino Fomu 4.

Pali mawu ena amene mukawatembenuza mwachindunji mumasocheretsa anthu. M'mafilimu akale mudzamva mawu akuti Indian, ndipo mukangoti Mmwenye, aliyense aganiza za eni masitolo a ku Fordsburg kapena a ku Limbe, pamene akunenedwawo ndi eni nthaka a ku Canada, mitundu monga Cree, Blackfoot ndi Mi'kmaq imene inali m'dzikomo Azungu asanafike. Nenani kuti eni nthaka, ndipo pamene mtundu watchulidwa mutchule dzina lake. Vuto lalikulu lili pa mawu akuti residential school. Mukati sukulu yogonera komweko mwalakwitsa kale, chifukwa kwa ife mwana wosankhidwa kupita ku sukulu yogonera ndi ulemu wa banja lonse, ndipo makolo amagulitsa mbuzi kuti amugulire sutikesi ndi bulangete. Sukulu za ku Canada zinali zina. Ana pafupifupi 150,000 a eni nthaka anadutsamo, ambiri atachotsedwa kwa makolo mokakamiza, ndipo boma ndi mipingo imene inkaziyendetsa ankafuna kuti anawo aiwale chiyankhulo ndi miyambo yawo. Ambiri anamenyedwa chifukwa choyankhula chiyankhulo cha amayi awo, ena anagwiriridwa, ndipo zikwi zingapo anafera komweko. Sukulu zomaliza zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, nduna yaikulu Stephen Harper inapepesa mu 2008, ndipo komiti yofufuza choonadi yotsogozedwa ndi Murray Sinclair inatulutsa lipoti lake mu 2015 ndi mfundo 94 zoti zichitike. Ine ndimati "sukulu zotsekeramo ana olandidwa kwa makolo", ndipo ngakhale mawuwa ndi aatali, palibe amene amawasokoneza ndi sekondale ya boma. Kutchula komiti imene anatsogolera Desmond Tutu kuno kumathandiza anthu kumvetsa mtundu wa ntchito imene komiti ya ku Canada inagwira.

Titaonetsa Where the Spirit Lives, chimene chinagwira anthu mtima sichinali chimene ndinakonzekera. Mu filimumo mtsikana wotchedwa Komi akafika pa sukulupo amapatsidwa dzina lakuti Amelia. Nditaimitsa pamenepo, mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg anati, "Achimwene, taimani kaye. Ine abwana anga akhala akundiitana dzina lina kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ati langa limawavuta lilime." Atatero, anthu asanu ndi awiri anatchula mayina amene amadziwika nawo ku ntchito, ndipo wina anaulula kuti ana ake obadwira ku Tembisa amakana kuyankha m'Chichewa pa msewu poopa kuzindikirika. Tinakambirana zimenezo kwa theka la ola. Ndinayenera kukumbutsa anthu mwaulemu kuti kusinthidwa dzina ndi abwana sikufanana ndi kulandidwa kwa makolo uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa kufanizira kukapyola malire kumachepetsa masautso a eni nkhani.

Za chipinda sindichulutsa. Nsalu yoyera yopachika pa khoma ndi pulojekita yobwereka n'zokwanira, koma sipika ikhale yabwino chifukwa masewerowa amadalira mawu. Onani ndandanda ya kuthima kwa magetsi, khalani ndi Wi-Fi yodalirika kapena bandulo yokwanira, ndipo muyambe 2 koloko masana kuti okwera matakisi afike kwawo kusanade.

Potsogolera zokambirana, yambani ndi mafunso a mu filimu momwemo, musathamangire kwathu. Pa Conspiracy of Silence funsani kuti ndani m'tauni muja ankadziwa, anadziwa liti, ndipo akanayankhula akanataya chiyani. Funso lomalizali ndi limene limabweretsa nkhani kunyumba popanda inu kuikoka, chifukwa aliyense m'chipindamo akudziwa chifukwa chake munthu wopanda pemiti sapita kupolisi ngakhale ataona mnansi wake akumenyedwa. Ikani lamulo limodzi pachiyambi, lakuti palibe kutchula dzina la munthu, mpingo kapena sukulu ya kwathu kapena ya kuno, popeza mwangomaliza kuuza anthu mmene wailesi yaikulu inalipirira chifukwa choika mawu pakamwa pa munthu, ndipo kagulu kanu kalibe maloya. Akuluakulu ndi abusa apatseni mpata woyamba monga mwa ulemu, koma muwapemphe mseri kuti asatseke nkhani ndi ulaliki, chifukwa abusa akangoti "tiyeni tikhululukirane" amayi ndi achinyamata sayankhulanso. Pa masewero a nkhanza za m'banja, gawani amayi paokha ndi abambo paokha kwa mphindi makumi awiri, kenaka mubwerere pamodzi.

Konzekerani kuti tsiku lina wina adzaulula zake. Lamulo la South Africa la milandu yokhudza kugonana, nambala 32 la mu 2007, pa gawo 54, limalamula munthu aliyense amene wadziwa kuti mwana wachitidwa nkhanza zotere kuti akanene kupolisi, ndipo kusatero ndi mlandu. Choncho musalonjeze anthu kuti zonse zonenedwa m'chipindamo zidzathera momwemo. Nenani pachiyambi kuti za akuluakulu mudzazisunga, koma za mwana amene ali pa ngozi simungazisunge. Lembani pa pepala lalikulu pafupi ndi khomo nambala ya Childline, imene ndi 116, ndi ya likulu la boma lothandiza ochitidwa nkhanza, imene ndi 0800 428 428, kuti wofuna aijambule ndi foni potuluka popanda kufunsa munthu. Fufuzaninso malo a Thuthuzela amene ali pafupi ndi dera lanu, omwe amapezeka m'zipatala zina za boma ndipo amathandiza ogwiriridwa.

Pomaliza pa tsikulo musathamangire kukiya holo. Sankhani mayi mmodzi ndi bambo mmodzi odalirika kuti atsale nanu kwa theka la ola, ndipo mulole aliyense wofuna kuthandiza kusanja mipando atero. Kawiri konse pamene munthu anatiuza nkhani yofunika kupita nayo patsogolo, anali mmodzi mwa otsala kusanja mipandowo, ndipo anayamba kuyankhula pamene ena onse anali atatuluka pa geti.